Woponya Mpira Amene Ankapukusa Mutu

Kudziko lina lakutali kunali munthu wina amene ntchito yake inali kuponya mpira pa masewera a besiboro. Pa masewerawa woponya amaima yekhayekha pakachulu pakati pa bwalo, n'kuponya kampira kolimba kuti mdani amene wagwira chibonga akaphonye. Kumbuyo kwa mdaniyo kumanyonyomala mnzake wa woponya, wowakha mpira. Iyeyu ndiye amamuona mdani pafupi, ndiye amalangiza ndi zala mobisa: chala chimodzi, ponya mwamphamvu, zala ziwiri, ponya mofewa. Woponya akakana, amapukusa mutu.

Munthu uyu anali ndi dzanja ngati mphezi, ndipo ankangofuna chala chimodzi basi. Mnzake akaonetsa ziwiri, iye pukupuku mutu. Ankapambana ndithu, koma ankadya yekha, m'basi ankakhala yekha. Zaka zonsezo manja a mnzakeyo ankatupa ndi mipira yake, koma ngakhale zikomo sanamuuzepo.

Kenako phewa linayamba kuwawa. Mipira inayamba kufooka. Akuluakulu a timu anamuuza kuti akalephera masewera otsatira, ntchito yatha.

Tsikulo litafika, anaima pakachulu paja, thukuta kamukamu. Kutsogolo kwake kunaima mdani woopsa, chibonga chili m'manja. Mnzake anaonetsa zala ziwiri. Woponya anapukusa mutu. Mnzakeyo anaonetsanso ziwiri, modekha. Iye anapukusanso, n'kuponya ndi mphamvu zonse zotsala. Chibonga chinalira, phaa! Mpira unakagwera kunja kwa bwalo, zimene pa masewerawa zili ngati chigoli cha adani.

Anthu anamukuwiza woponyayo. Anzake anayang'ana pansi. Iye anangoti njo, osadziwa kuti atsika bwanji.

Ndiye wowakha uja anadzuka, nadzisansa fumbi m'mawondo, n'kuyenda mtunda wonse uja kufika pakachulu. Woponya anadikira mawu akuti ndinakuuzani.

Koma mnzakeyo anangoti, "Achimwene, phewa lili bwanji? Tiyeni, ndikuperekezeni."

Anatuluka awiri, wowakhayo ali kumbali kumene kunkachokera zonyoza. Ntchito inathadi tsiku lomwelo.

Abale anga, Ambuye amaona zimene ife sitiona, ndipo amatilangiza mwakachetechete. Ife timapukusa mutu, chaka ndi chaka, ndipo zina zimene timataya potero sizibwerera. Koma tsiku limene onse ayang'ana pansi, amene adzadzuke kubwera pamene mwaima ndi Iye yemwe uja munkamukana. Sadzabwera kudzakukumbutsani. Akadzati tiyeni, chonde, musadzapukusenso mutu.