Mkuyu wa Akadzidzi ku Kanakantapa

Ku Kanakantapa kunalibe mwamuna wokonda mkazi wake ngati Ezron Sakala, komanso kunalibe wouma mutu ngati iye. Anali tcheyamani wa komiti ya alimi, ndipo akayankhula, anzake ankangotsokomola n'kuvomera. Mvula itabwerera pambuyo pa chilala cha 1992, mkazi wake Clotilda anagwidwa ndi malungo aakulu. Masiku omwewo akadzidzi ankalira mumkuyu wa pamalire a minda, ndipo Ezron tulo sankatiwona. Kumene anakulira, kadzidzi salira pachabe, amaitana maliro.

Anaitanitsa msonkhano woti mkuyuwo ugwe pamodzi ndi mitengo yonse yamphako ya m'mbali mwa dambo. Kunabweranso Mayi Twaambo, katswiri wa mbalame wa ku Lusaka amene ankayendera mitengoyo kawirikawiri. Mayiyu anamasula kansalu patebulo, ndipo munali timibulu ta ubweya tomwe kadzidzi amalavula akakhuta. Anaphwanya kamodzi ndi chala, ndipo munatuluka tizigaza ta mbewa, mano ali mbee.

"Ba tcheyamani, onani nokha," anatero. "Izi ndizo zimene akadzidzi amadya. Chilala chikatha, mbewa zimaswana koopsa. Mukadula mitengo iyi, minda yanu izasala yopanda mlonda. Nipempha komiti iike lamulo loiteteza."

"Amayi, mkazi wanga ali gone, imwe mwanibweretsera masanzi a mbalame ya mfiti?" Ezron anamenya tebulo. "Mbewa ife timadya, musatiopseze nazo. Mtengo uja nifuna ugwe lelo."

Ngakhale Clotilda, ali pamphasa thukuta lili kamukamu, anayesa kumuletsa. "Ba Ezron, malungo ni udzudzu. Zisiyeni mbalame." Koma mawu ake anagwa pamwala. Ezron ananyamula nkhwangwa yekha, ndipo dzuwa lisanapendeke mkuyu unali pansi. Anapiye oyera amene anagwa m'phako anawaponya pamoto. Mitengo inayo inatsatira.

Clotilda anachira atabayidwa majakisoni kuchipatala cha ku Chongwe, koma Ezron anayenda chifuwa patsogolo, akuuza aliyense kuti nkhwangwa yake ndiyo yathamangitsa imfa. Ha, akanadziwa!

Chimanga chitayamba kukhwima, mbewa zinabuka ngati zatuluka m'thumba. Zinkakwera mapesi masana dzuwa likuswa mtengo, zinadya mtedza uli m'nthaka, zinafika mpaka m'nkhokwe. Misampha inatopa. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayi wa ku Lusaka uja ananena, ndipo manong'onong'owo ankamulasa Ezron mumtima kuposa njala yomwe inkabwera.

Kuitanitsa msonkhano wina kukanakhala kuvomera kuti analakwa, ndipo zimenezo Ezron sakanazimeza. Anakwera minibasi mwakachetechete, nakagula pamsika ku Lusaka mankhwala ophera mbewa a m'botolo lopanda dzina. Anawasakaniza ndi gaga n'kumwaza m'munda mwake monse. Sanauze komiti. Sanauze ngakhale mkazi wake, poopa kuti angamuyang'ane ndi maso aja oti ndinanena ine.

M'mawa mwake anapita ku boma pa za feteleza. Clotilda anatsikira kumunda kukathyola nkhwani, ndipo anapeza mbewa zonenepa zikuyenda mwaulesi m'mizere, zogwirika ndi manja. Pakhomopo nyama anali ataiiwala kukoma kwake, choncho anathokoza Mulungu. Anazitola, anaziwaula, n'kuziphika ndi mchere. Anadya zake, zina n'kusungira mwamuna wake m'mbale yovundikira.

Pobwerako, Ezron anamupeza pakhonde akuphupha, thovu lili kukamwa. Atavundukula mbale ija, anapezamo mbewa zophika.

"Clotilda, wazitenga kuti izi?"

"Kumunda kwathu," anayankha movutika. "Nakusungirani zazikulu."

Anansi anamanga ng'ombe pangolo, koma msewu wafumbi wa ku Kanakantapa ndi wautali. Clotilda anatsirizika asanafike pamsewu wa tala, mutu wake uli pamiyendo ya mwamuna wake. Ezron analira ngati mwana, ndipo anaulula zonse pangolo pomwepo, popanda womufunsa.

Pamaliro Mayi Twaambo anabwera, nakhala pakati pa amayi anzake. Chimene anthu amakumbukira mpaka lero n'chakuti masiku onse a malirowo palibe kadzidzi ndi mmodzi yemwe amene analira. Mbewa zokha ndizo zinkathamanga pakati pa mapazi a olira, n'kumadutsa pansi pa bokosi. Ezron anakhala moyang'ana chitsa cha mkuyu uja.

Mbalame imene ankaiyesa mthenga wa imfa ndiyo inkalondera pakhomo pake, ndipo anauzidwa kawiri konse. Akuluakulu sananame: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.