Ndodo ya Ba Edna

Mvula ya chaka chimenecho inasiya Ba Edna, mayi wogulitsa zitumbuwa ku Kanyama, akuyanika matiresi padenga. Mnansi wawo, Ba Mwango, anali atamanga mpanda wa mabuloko pangalande, madzi onse a mumsewu n'kukhotera m'nyumba mwa Ba Edna. Khoma la kuchipinda linang'aluka, ana ankagona pathebulo.

Ba Edna atakasuma kukhoti, Ba Mwango anagwidwa nthumanzi. Anatuma mawu kuti agumula mpandawo ndi kukonza khomalo, nkhani ithere pakhomo.

"Amayi, vomerani," anatero Ba Marjory, loya wothandiza osauka. "Mlandu wanu ni wabwino, koma khoti ilibe m'bale. Mungawine, mungaluze."

"Iyayi! Azalipila vonse, na mwendo wanga."

"Mwendo wachita chani?"

"Ninagwa m'madzi yao."

"Kuchipatala munayenda?"

Ba Edna anayang'ana kumbali. Loyayo anawadandaulira kuti akanene zokhazo zimene zinachitika, koma mawu ake anagwera pamwala.

Tsiku la mlandu Ba Edna analowa m'khoti akutsimphina, ndodo ili m'manja. Anafotokoza za ngalande, za khoma, za ana, woweruza akugwedeza mutu. Zinthu zinkayenda. Kenaka lilime linaterera: akuti chigwereni m'madzimo sangathe kuima popanda ndodo.

Loya wa Ba Mwango anadzuka mosafulumira.

"Loweruka lapitali munali kuti, amayi?"

"Kunyumba, chigonere."

Loyayo anapempha chilolezo, n'kuonetsa khoti kanema wa pafoni. Unali mwambo wolangiza mkwatibwi ku Matero, Loweruka lomwelo. Pakati pa bwalo panali Ba Edna, chitenje chili m'chiuno, akuvina modukula molingana ndi ng'oma. Ba Marjory anaweramitsa mutu.

"Ngati mwendo ndi wabodza," anafunsa loya wa Ba Mwango uja, "tidziwa bwanji kuti khomalo silinang'aluke kale? Madziwo ndani anawaona akulowa?"

Ba Edna analumbira, analira misozi yeniyeni, koma panalibenso wowakhulupirira. Woweruza anati umboni wawo ndi wosadalirika, ndipo anathetsa mlanduwo.

Panja mitambo inali itada bii. Ba Mwango anawadutsa osapereka moni, ndipo zogumula mpanda sanazitchulenso. Ba Edna anakwera minibasi akuganiza pogoneka ana usiku umenewo. Zoona zonse anali nazo m'dengu, anangoponyamo bodza limodzi. Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.