Mauna Asanu ndi Awiri Kuseri kwa Tchalitchi

Kalekale, agogo ako asanamere ndi mano omwe, panali mudzi wina m'mbali mwa mtsinje. Uzisankha nyembazo, mwanangu, koma makutu akhale kuno.

Anthu a m'mudzimo ankapemphera Lamulungu, m'tchalitchi chofolera ndi udzu. Khomo limodzi lokha ndilo linkapemphera Lachisanu. Linali khomo la Che Bwanali ndi mkazi wake Abiti Kasimu, Asilamu amene anabwera kudzapempha malo.

Ankakhala bwino ndithu. Kukakhala ukwati, kukagwa maliro, mbuzi ankapita nayo kwa Che Bwanali kuti akaizinge, ndiko kuipha mwa Chisilamu, kuti aliyense adye nawo. Palibe analamula zimenezo. Zinangokhala choncho.

Pafupi ndi Che Bwanali pankakhala Yosofati, mkulu wa mpingo, ndi mkazi wake Nankhoma.

Nankhoma ankavutika msana. Tsono Abiti Kasimu akatunga madzi sankafulumira kuchoka pachitsime. Ankangoti akutsuka mapazi, akutsuka mapazi, mpaka Nankhoma afike kuti amutwike mtsuko. Nayenso Nankhoma, mwezi wosala kudya ukakwana, mtedza ankakazingira kuseri kwa nyumba, kuti fungo lisapite kwa anzake. Zimenezi sanakambiranepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Yosofati sanali munthu woipa. Mkazi wake akalephera kumunda, ankamutsirizira mizere osadandaula. Koma anali ndi mawu ake amene sankawasiya.

"Chaka chino nyemba tidzala kumtunda. Mutu wa banja ndine. Mulungu anaika choncho."

"Ndamva, bambo."

"Nkhuku yoyerayo isaphedwe. Mutu wa banja ndine."

"Ndamva, bambo."

Ndipo Nankhoma ankamvadi. Sankanyinyirika. Ankakhulupirira kuti ndi mmene banja limayendera.

Chilimwe chilichonse Yosofati ankaima kutsogolo m'tchalitchi, nkuloza anthu chala. "Musatenthe tchire. Wotentha tchire chifukwa cha mbewa ndi munthu wopanda nzeru." Anthu nkumaweramitsa mitu.

Koma iyeyo mbewa ankazikonda. Ankazikonda kwambiri.

Tsiku lina masana, anthu onse ali kumadimba, Yosofati anatenga khasu ndi chikuni cha moto. Anapita kuseri kwa tchalitchi, kumene anaonako tinjira ta mbewa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anayatsa.

Udzu unapsa, mauna anaonekera. Anakumba una woyamba. Anakumba wachiwiri. Anakumba, anakumba, mpaka asanu ndi awiri. Mbewa ankaponya m'thumba la jekete. Kumbuyo sanacheuke.

Mphepo inatembenuka. Moto unakwawa, unakwawa, nkukwera padenga la tchalitchi.

Yosofati anathyola nthambi, anamenya moto, anamenya, dzanja nkupsa. Khasu anaponya m'thengo. Pamene anthu amafika ndi mitsuko ya madzi, panali patatsala zipupa zokha.

"A mkulu, moto wachokera kuti?"

Yosofati anayang'ana nkhope zija. Anali anthu omwe aja ankawaloza chala.

"Ndaona Che Bwanali akuthawira kumtsinje," anatero. "Anthu aja amadana ndi mapemphero athu."

Mawu ochepa chabe, mwanangu. Koma anayenda msanga kuposa moto uja.

Amuna ena anathamangira kwa Che Bwanali. Anaphwanya mitsuko. Anakwera padenga nkuyamba kusasula udzu. Anali anthu omwewo amene anadya mbuzi zake zozinga. Che Bwanali anangoima pabwalo, atagwira chipewa chake m'manja.

Mfumu ya m'mudzimo inali mayi wina wosekaseka, dzina lake Nangozo. Anafika ali ndi lichero la mtedza m'khwapa.

"Tsikani pamenepo mungathyoke miyendo," anatero. "Mkuja tikhala pabwalo. Ngati anatenthadi chifukwa cha chidani, asamuka m'mudzi muno, iye ndi banja lake. Koma mpaka mkuja, denga ndi lake."

M'mawa mwake Nankhoma anatenga jekete ya mwamuna wake kuti aikutumule phulusa. Thumba linali lolemera. Anapisa dzanja. Mbewa. Zisanu ndi imodzi zinali zakufa. Yachisanu ndi chiwiri, kakapuku kakang'ono kowauka mchira, kanaphethira maso.

"Mayi, musandiphe," kanatero kapuku.

"Wachokera kuti iwe?"

"Kuseri kwa tchalitchi. Anayamba watiotcha, kenako watikumba. Makomo athu asanu ndi awiri ali pululu. Mukawaone."

Nankhoma anakhala pansi. Anakhala nthawi ndithu. Kenako anakatula kapuku kaja patsinde pa nthochi, nkukasiyira kanjere ka mtedza.

Analowa m'nyumba, nagwada.

"Bambo, m'jekete mwanu ndapezamo mbewa."

Yosofati anatembenukira kukhoma.

"Bambo, Che Bwanali munamuonadi?"

"Mawa pabwalo ukanena kuti tinali limodzi, ndipo nawenso unamuona. Mutu wa banja ndine."

Nankhoma sananene kuti "Ndamva, bambo." Kanali koyamba. Yosofati anadikira, anadikira, mawuwo sanabwere.

Masana kunamveka "Odi" kukhomo. Anali Abiti Kasimu, maso otupa, atanyamula kachigoba ka mafuta a nsatsi.

"Anzanga, ndamva kuti abambo anapsa dzanja pozimitsa moto. Muwadzoze awa. Chilonda cha moto sichifuna kuchedwa."

"Mwabwera nawo kuno? Pamene zili chonchi?"

"Mlandu ndi wa mawa," anatero Abiti Kasimu. "Dzanja likupweteka lero."

Anatembenuka, nkumapita. Nankhoma anaona kuti madzi akutungira m'chipanda, poti mitsuko yonse anamuphwanyira.

Anatenga dzanja la mwamuna wake, nayamba kulidzoza pang'onopang'ono.

"Mafutawa achokera kuti?"

"Kwa anthu odana nafe aja."

Yosofati anayang'ana kumbali.

"Bambo, Mulungu amene anakuikani kukhala mutu ndi yemweyo amaletsa kunamizira mnzako. Inu nomwe munatiphunzitsa. Ine ndimvere mbali iti?"

"Ukufuna anthu andiseke? Ukufuna andichotse ukulu?"

"Ndikufuna anthu aja asasamuke."

"Ndanena, ndanena. Mutu wa banja ndine."

Nankhoma anamanga dzanja lija ndi kansalu koyera, namanga bwino lomwe.

Kunacha. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Nangozo anakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akusenda mtedza.

Yosofati analankhula. Anati anaona Che Bwanali. Anati anthu a Lachisanu sakondwa akamva nyimbo za Lamulungu. Anthu anang'ung'udza.

Che Bwanali anaimirira. "Ine ndinali kudimba, ndekha. Mboni ndilibe. Nyimbo zanu ndimazimva ndili pakhonde, zina ndinazidziwa kale. Ndi zokhazo."

"Nankhoma," anaitana Nangozo, "akuti nawe unaona. Tiuze."

Nankhoma anayenda chogwada mpaka pakati pa bwalo. Mawu ake anali apansipansi, moti anthu anachita kutchera khutu.

"Amuna anga andiuza zoti ndinene. Koma ndisananene, ndikupempha kuti tonse tikaone pamene moto unayambira."

"Nankhoma, bwerera ukakhale pansi," anatero Yosofati. "Mutu wa banja ndine."

"Ndinu, bambo. Palibe akukana. Tsogolani, ife tikutsatani."

Nangozo anaika lichero pambali. "Wanena bwino. A mkulu, njira mukuidziwa. Tiyeni."

Yosofati anatsogola. Pambuyo pake mkazi wake, pambuyo pa mkazi wake mudzi wonse.

Anafika kuseri kwa tchalitchi. Pansi ponse panali bii, phulusa lokhalokha. Koma apa ndi apo panali timilu ta dothi lofiira, pamwamba pa phulusalo.

Nangozo anawerenga ndi phazi. Una woyamba. Wachiwiri. Mpaka asanu ndi awiri.

"Dothi lili pamwamba, phulusa lili pansi," anatero. "Ndiye kuti munthuyu anayamba wayatsa, nkukhala pompano akukumba. Sanathawe ayi. Anali pantchito." Anatembenuka. "Che Bwanali, kodi mbewa munayamba liti kudya?"

"Amfumu, ine? Ngakhale mbale imene munadyera mbewa sindiikhudza."

Mayi wina anaseka. "Zoona. Paja kwathu tinachita kuwagulira mbale yawoyawo."

Anthu anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Onse ankadziwa kuti Msilamu sadya mbewa. Mwana aliyense m'mudzimo ankadziwa. Tsono anayamba kuyang'anana. Nanga anakumba ndani?

Nankhoma anasendera pafupi ndi mwamuna wake. Anamunong'oneza, anthu osamva.

"Nenani nokha, bambo. Ndikanena ine, inu mudzaima pati? Ndili pompano."

Yosofati anayang'ana dzanja lake lomangidwa. Linkanunkhira nsatsi.

"Ndine," anatero. "Ndinayatsa ndine, ndinakumba ndine. Che Bwanali sindinamuone. Ndinachita manyazi."

Amuna amene anakwera padenga aja anayang'ana pansi.

Nangozo anapumira m'mwamba. "Tchalitchi chapsa mwangozi, imeneyo si nkhani. Udzu umamera. Nkhani ndi yakuti munatenga chidani chimene kunalibe nkuchiika pakhomo pa mnzanu. Inu munafuna kuti iye asamuke. Ndiye osamuka ndinu. Kapena Che Bwanali ali ndi mawu?"

Che Bwanali sanafulumire. Anayang'ana Yosofati, anayang'ana Nankhoma.

"Akasamuka, mayiwa apita nawo," anatero. "Nanga akazi anga azikadikira ndani kuchitsime? Akhale. Koma denga langa afolere yekha. Ayambe langa, kenako tchalitchi."

"Nanga amene anaphwanya mitsuko?" anafunsa Nangozo.

"Mitsuko abweze. Koma mpeni wanga ndausunga. Mbuzi za mudzi uno sindizinganso. Nkhope zija ndinaziona."

Zinatero. Lamulungu lotsatira mpingo unasonkhana pansi pa mtengo, ndipo unamuchotsa Yosofati ukulu. Munthu amene ankakhala kutsogolo anakakhala kumbuyo kwenikweni. Akanena kanthu pagulu, anthu ankafunsa kuti, "Pali winanso anaona?"

M'mawa uliwonse ankapita kudambo kukamweta udzu. Mitolo ankasenza yekha. Amayi pachitsime ankamuseka. "Mutu uja lero wasenza."

Nankhoma sanaseke nawo. Tsiku lililonse ankapota nkhata ya nsalu yofewa, nkuisiya pakhomo pamene mwamuna wake adzaione potuluka.

Yosofati anafolera denga la Che Bwanali. Anafolera tchalitchi. Chaka chonsecho kunachitika maukwati awiri, ndipo banja la Che Bwanali silinadye nawo. Nyama inkakoma, koma anthu ankadya mwakachetechete, akuyang'ana malo amene mnzawo ankakhala.

Litafika tsiku lotsegulira tchalitchi, mpingo unagula mbuzi. Anthu anayang'anana. Apita nayo ndani?

Yosofati anabwera kunyumba. Anakhala pakhonde pafupi ndi mkazi wake.

"Nankhoma, ukuona bwanji? Ndipite nayo ine?"

Chikwatirane, anali asanamufunsepo choncho.

"Pitani, bambo. Akakakana, mukabwere nayo. Koma pitani."

Yosofati anakoka mbuzi mpaka pakhomo pa Che Bwanali. Anati, "Odi." Palibe anayankha. Anaima padzuwa. Mbuzi inalira, iye ali chiimire. Abiti Kasimu anatuluka, namuikira kampando pamthunzi, nkulowanso m'nyumba. Yosofati sanakhalepo.

Patapita nthawi kunamveka mpeni ukunoledwa pamwala kuseri kwa nyumba. Che Bwanali anatulukira, akuyesa mpeniwo ndi chala.

"Mwaimira chiyani pamenepo?" anatero. "Gwirani miyendo."

Yosofati anagwada, nagwira miyendo ya mbuzi.

Wamva, mwanangu? Kunamizira munthu kuti amadana nawe chifukwa cha mapemphero ake ndi chinthu choopsa, chifukwa anthu amakhulupirira msanga, ndipo amene amavutika si mmodzi. Nawenso udzakula, mwina udzakwatiwa. Mwamuna wako udzamulemekeze. Koma akadzakutuma kukanena bodza, usadzati "Ndamva." Udzaime pafupi naye mpaka anene zoona, monga anachitira Nankhoma. Ndipo usaiwale mayi uja anabwera ndi mafuta a nsatsi, denga lake lili losasuka.

Nthano yanga yafika pamenepo, yatha. Bweretsa nyembazo ndione ngati wasankha bwino.