Madontho pa Nsalu Yoyera

Shopu ya Nasingano inali kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi malo okonzera mafoni. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona limene makasitomala ankadziyang'anirapo. Dzina lakelo anamupatsa ndi makasitomala omwewo, ndipo linamukhala. Anali mayi waluso m'manja koma wozizira pakamwa. Ukamamufotokozera diresi limene ukufuna, ankangogwedeza mutu, mapini ali kukamwa, n'kukuyeza ndi tepi. Ukabwera Lachisanu, unkapeza kuti anakumva kuposa mmene unadzimvera wekha.

Kulankhula kunali kwa amuna ake, Aphunzitsi. Bambowa anali ataphunzitsa ana kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo belu loweruka likalira, pakamwa pawo sipankaweruka nawo. Kunyumba, m'basi, pamzere wa kubanki, iwo n'kufotokoza basi. Mlendo akafunsa Nasingano kuti wadzuka bwanji, ankayankha ndi Aphunzitsi kuti, "Adzuka bwino, kungoti kamsana pang'ono." Sanali munthu woipa ayi. Ankawakonda akazi awo, ndipo kuwalankhulira ankakuona ngati kuwalandira katundu wolemera. Nayenso Nasingano anazolowera, mpaka anaiwala kuti katunduyo ndi wake.

Kwa zaka zambiri mphuno zake zinkatsekeka, nkhope n'kumalemera ngati wina wathiramo mchenga wonyowa. Madokotala anati njira za m'kati mwa mphuno zadzaza timinofu, pakufunika opaleshoni. Opaleshoniyo inachitika, anatuluka bwinobwino, ndipo patatha masabata awiri anali atabwerera pamakina, akupuma mpweya umene anali atauiwala kalekale. Anamva ngakhale fungo la mafuta a makina, n'kuseka yekha.

Dontho loyamba linagwa Lachiwiri m'mawa, atawerama kuti alowetse ulusi pasingano. Linachokera ku mphuno yakumanzere n'kugwera pa malaya oyera a munthu woti adzawatenga masana omwewo. Sanali mamina. Linali loyera ngati madzi a pampopi, ndipo atadzutsa mutu anamva kamchere kukhosi. Anayang'ana kukhomo ngati wakuba, n'kupukuta ndi kansalu konyowa, n'kusita pamalopo. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Telala wodonthezera za m'mphuno pa nsalu za eni ake! Nkhani yotere ikangofika kwa ometa tsitsi a khomo linalo, pofika madzulo msewu wonse wamva, ndipo ndani angabweretsenso nsalu yake yodula? Anadula tizidutswa ta nsalu zotsala n'kumatibisa m'dzanja la bulauzi. Akamva kuti dontho likubwera, ankatembenukira kukhoma.

Kenako unabwera mutu, ndipo unali mutu wachilendo. M'mawa ankadzuka wopepuka, koma akangokhala tsonga ola limodzi, ululu unkayamba kukoka kuchokera kunkhongo ngati wina wamupachika njerwa. Akagona chagada pansi pa tebulo lodulira nsalu, mphindi khumi zokha, unkatheratu ngati sunakhalepo. Akadzuka, uwo wabwerera. M'makutu munayamba kulira osalekeza. Tsiku lina anaona singano ziwiri pamene panali imodzi, ndipo ulusi unkangopita pa yabodzayo.

Za mutu, makutu ndi maso anawauza Aphunzitsi. Za madontho anazisunga mumtima. Anadziuza kuti n'zotsalira za opaleshoni, ziuma zokha, ndipo ngati zili ndi kanthu, madokotala ndi anthu ophunzira, afunsa okha.

Aphunzitsi anagula kope latsopano, n'kulemba deti pamwamba, n'kupita naye kwa dokotala amene anachita opaleshoni uja. Iwo ndi amene anagogoda, iwo ndi amene anatsegula chitseko, Nasingano akulowa kumbuyo kwawo.

"Mwabwera ndi vuto lanji, mayi?" anafunsa dokotalayo.

Nasingano anatsegula pakamwa, koma Aphunzitsi anali atatsegula kale kope.

"Adokotala, ndifotokoze mwadongosolo. Choyamba, mutu. Chachiwiri, makutu. Chachitatu, maso. Ndipo ndiwonjezere kuti mayiwa sapuma, ndawauza kangapo koma mukudziwa, ana a sukulu ena samva."

Dokotala anaseka, n'kugoneka Nasingano pabedi, n'kuunika m'mphuno ndi kachipangizo kokhala ndi nyali. Atagona choncho mphuno inali gwa, mutu uli zii.

"Panopa mukumva kupweteka?"

"Panopa ayi," anayankha, ndipo sanali kunama.

"Chilonda chikupola bwino. Muzimwa mapiritsi awa, komanso muzipuma."

Anapita kwa dokotala wa maso, maso anapezeka abwino. Anakajambulitsa mutu pa makina aakulu aja olowetsamo munthu atagona, chithunzi sichinaonetse chotupa chilichonse. Kulikonse Aphunzitsi ankawerenga choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, Nasingano atafumbata kansalu konyowa m'manja, akudikira funso limene silinkabwera. Dokotala wachinayi anamuyang'ana mwachifundo n'kufunsa ngati pali chimene chikumudetsa nkhawa kunyumba.

"Chilipo," anayankha Aphunzitsi. "Mwana wathu wamkazi akukwatiwa, ndipo diresi akusoka okha mayiwa."

Dokotala anagwedeza mutu n'kulemba. Anati ndi maganizo, ndipo maganizo amatha kupweteketsa mutu, kuliza makutu, ngakhale kuchititsa chizungulire.

"Mwamvatu amayi?" anatero Aphunzitsi ali m'basi, nkhope itawala. "Ndinanena ine. Matenda palibe apa, mungokhazika mtima pansi."

Nasingano anayang'ana kunja kwa windo. Sanaphunzire kwambiri, koma ankadziwa kuti maganizo sadontha.

Apa ndi pamene mantha anamulowa m'mafupa. Nthawi ya nkhomaliro ankatseka shopu, n'kugona pansi pa tebulo lija, foni ili m'manja, akufufuza zizindikiro zake chimodzichimodzi. Foniyo inalibe chisoni. Inamuuza za zotupa za mu ubongo zimene zimabisala, za sitiroko, za matenda opha ziwalo pang'onopang'ono. Anayamba kumwetulira pagalasi kuti aone ngati kamwa lapotoka. Ankatsina zala zake kuti aone ngati zikumvabe. Ululu wokha akanaupirira, poti anabereka ana atatu. Chimene chinkamudya ndi kusowa dzina la chinthucho, chifukwa matenda okhala ndi dzina umadziwa powagwira, ndipo anthu amakukhulupirira. Iye ankaoneka wathanzi, mapepala onse ankati ali bwino, koma ankamva kuti chinachake chikutha m'mutu mwake tsiku ndi tsiku.

Anayamba kuthamangitsa diresi la ukwati lija, ngakhale kuti kunali kudakali miyezi itatu. Mwana wake atabwera kudzaliyesa, anadabwa kulipeza latsala pang'ono kutha.

"Amayi, mukuthamangira kuti? Nthawi ilipo yambiritu."

"Ima chilili, usagwedezeke," anayankha Nasingano, n'kugwada kuti abaye mapini mumpendero.

Atangowerama, dontho linagwa pansi pafupi ndi phazi la mtsikanayo. Lachiwiri linatsatira. Anawaphimba ndi bondo.

"Mukulira, amayi?"

"Fumbi la nsalu ili," anatero, ndipo mwanayo anakhulupirira, chifukwa mayi ake sankanama kawirikawiri.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, Aphunzitsi anapita kutali kukachonga mayeso, kumene mafoni amasungitsa pakhomo mpaka ntchito itatha. Anati abwera Lachisanu. Lachitatu m'mawa Nasingano anadzuka akunjenjemera, thupi likutentha ngati simbi yoiwalika pamoto. Khosi linauma gwa, silinkalola kuti chibwano chifike pachifuwa. Kuwala kolowera pawindo kunkamulasa m'maso. Anasanza kawiri. Anaimba foni ya amuna ake, inali yothima.

Ganizo loyamba limene linamubwerera linali loti adikire Lachisanu. Aphunzitsi ndi amene amadziwa kulankhula ndi madokotala, ndi amene amadziwa khomo lolowera ndi fomu yolemba. Kope lawo lija linali patebulo, ndipo anaganiza kuti mwina angolinyamula likamulankhulire. Analitsegula, akutsinzina diso limodzi kuti zilembo zisaoneke pawiri. Munali masamba asanu ndi anayi a zolemba zokongola, madeti, mayina a mapiritsi, mawu a dokotala aliyense otsekedwa mzere kunsi. Anawerenga mpaka kumapeto. Za madontho munalibemo. Akanalemba bwanji bambowo chinthu chimene sanauzidwe? Madokotala anayi anayeza munthu wa m'kopemo, ndipo munthuyo analidi ndi maganizo chabe. Wodwala weniweni anali asanalowe m'chipinda cha dokotala aliyense.

Anayang'ana diresi lija, limene anabwera nalo kunyumba kuti amalize mpendero. Linali chipachikire kuchitseko, mapini akadali momwemo. Anaona kuti akadikira Lachisanu, wochotsa mapiniwo adzakhala munthu wina. Anasiya kope, n'kutenga chidutswa choyera chotsala pa diresilo, n'kudzikoka mpaka pamsewu, n'kuimitsa takisi.

Kuchipatala namwino atamuyeza kutentha kwa thupi, sanamuimike pamzere. Anamulozera chitseko. Nasingano anaima pamenepo kanthawi, chifukwa panalibe msana woti abisalepo. Kenako anakankha.

M'katimo munali dokotala wamkazi wa imvi za apo ndi apo, wooneka wotopa.

"Mwabwera ndi ndani, mayi?"

"Ndekha."

"Ndiuzeni."

Mawu anatuluka mosokonekera, opanda choyamba kapena chachiwiri. Opaleshoni, mutu, makutu, singano ziwiri, khosi. Dokotala anaimirira n'kumulozera bedi kuti agone.

"Ayi, adokotala," anatero Nasingano, iye mwini n'kudabwa ndi mawu akewo. "Ndikagona chimabisala. Dikirani ndikuonetseni."

Anayala kansalu koyera kaja pamaondo. Poti khosi linakana kupinda, anawerama ndi msana wonse, monga amachitira pamakina. Dontho linagwa. Lina. Linanso. Nsaluyo inanyowa ndi madzi oyera mbee, ochokera ku mphuno imodzi yokha.

Kutopa konse kunachoka pankhope ya dokotala uja.

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Masabata asanu ndi awiri apitawo."

"Mumamva mchere kukhosi? Mutu umasiya mukagona?"

"Eee, adokotala. Eee!" Misozi inatsika, yeniyeni tsopano, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu wina ankachidziwa chinthucho.

"Munauza ndani?"

"Palibe anandifunsa."

Dokotala sanamukalipire, poti panalibe nthawi. Anatenga madziwo m'kabotolo kuti akayezedwe, n'kuitana anamwino. Akumuika diripi, anamufotokozera mwachidule. Pakati pa denga la mphuno ndi ubongo pali kafupa kopyapyala ngati pepala, ndipo nthawi zina, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri, kamatha kubooka pa opaleshoni yotere. Ubongo umakhala m'madzi akeake, ndipo amene ankadonthawo ndi amenewo. Akachepa, munthu akaimirira mutu umakoka, maso ndi makutu n'kusokonezeka. Choopsa kwambiri n'chakuti pamene madzi akutulukira, tizilombo timalowera pomwepo, ndipo tinali titalowa kale.

"Mukanabwera Lachisanu, sindikudziwa ngati tikanalankhulana," anatero dokotalayo.

Aphunzitsi anafika tsiku lotsatira, mwana wawo atawatumizira uthenga kudzera kwa akuluakulu a mayeso. Analowa m'wodi thukuta lili kamukamu, kope lili kukhwapa. Atapeza dokotala ali pambali pa bedi, anakonza kukhosi.

"Adokotala, ndine mwamuna wawo. Ndifotokoze mwadongosolo. Choyamba..."

"Abambo," anatero Nasingano ndi mawu ofooka, "khalani pansi. Ndafotokoza kale."

Bambowo anakhala. Atamva nkhani yonse, anavula magalasi n'kumangowapukuta. Anakumbukira tizidutswa ta nsalu timene tinkadzaza chingwe choyanikira zovala tsiku lililonse, timene iwo ankangotidutsa.

"Amayi, zaka zonsezi tili limodzi, bwanji osandiuza ine?"

"Mpata munkausiya pati?" anayankha. Atawaona akugwetsa nkhope, anawagwira dzanja. "Komabe mphuno ndi yanga, pakamwa ndi panga. Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkadikira kuti wina andifunse."

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Tizilombo titagonja, anamuchitanso opaleshoni yotseka kabowo kaja, madontho analeka, mutu unakhala pansi, singano inabwerera kukhala imodzi. Koma masabata asanu ndi awiri obisa aja sanapite chimanjamanja. Khutu lakumanzere silinamvenso, ndipo madokotala anati silidzamvanso. Mpendero wa diresi anaumaliza ndi manja ake, ndipo pa ukwatiwo anapempha kuti amukhazike mbali yoti khutu lamoyo liloze kumene mwana wake ankalumbira.

Masiku ano Aphunzitsi akayamba choyamba ndi chachiwiri, Nasingano amangowasunthira kumanzere kwake, ku khutu losamvalo, onse n'kuseka. Koma akapita kuchipatala kukaonedwa, bambowo amakhala pabenchi panja, kope lili pamiyendo, mayiyo n'kugogoda yekha. Ndipo kasitomala akamayezedwa n'kutchula mwamanyazi za kenakake kachilendo m'thupi kamene akudikira kuti kathe kokha, telala wosalankhula uja amachotsa mapini kukamwa, n'kumulozera khutu lake lakufalo. Amamuuza kuti dokotala angaphunzire chotani, mwamuna angakukonde chotani, ululu sangaumve m'malo mwako, pakuti akuluakulu sananame pamene anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.