Bilimankhwe, Fisi ndi Malume a Maso Atatu a ku Lilongwe

Kalekale, koma osati kale kwambiri, pakuti njinga ndi malole zinalipo, m'nkhalango ya Dzalanyama munali Bilimankhwe ndi mkazi wake Nachisale. Senderani pafupi ana inu. Akuluakulu nanunso musayambe kusinza.

Awiriwa ankakhala pa mtengo umodzi wa mombo. Ankakondana mosafulumira. M'mawa kuwothera dzuwa limodzi, masana kugawana ntchentche imodzi. Chilimwe chikafika, masamba anthete a mombo akafiira, iwonso ankafiira nawo psuu, n'kumasekana.

Tsiku lina Nachisale anagona pa nthambi youma, thupi lake litafanana ndi khungwa. Kunabwera munthu wa nkhuni. Go! Go! Go! Nthambi ija pansi. Anaimanga pa njinga pamodzi ndi zinzake, mulu wautali kuposa mutu wake, n'kuyamba kupalasa. Bilimankhwe anathamanga ndi mphamvu zake zonse. Pamene njinga inkazimiririka, iye n'kuti atangosuntha mwendo umodzi.

Khwangwala, amene amayendayenda, anamuuza kuti nkhuni zonsezo zimathera ku Lilongwe, likulu la dziko. Anamufotokozeranso zambiri za kumeneko. Koma ulendo wa ku Lilongwe pa miyendo ya Bilimankhwe? Akanafika ali ndi imvi.

Anakhala pamwala m'mbali mwa mtsinje, wotuwa mbuu. Kudya osadya. Ndi pomwe Fisi anamupeza, n'kumudinda ndi phazi.

"Lero ndadya," anatero Fisi.

"Idyani, achimwene," anayankha Bilimankhwe. "Kungoti manyazi andigwira. Munthu wamkulu ngati inu, kudya mafupa a wamasiye, anzanu akudya kanyenya ku Lilongwe."

Fisi anatukula phazi pang'ono. "Kanyenya n'chiyani?"

"Hii! Simunafikeko ku likulu? Kanyenya ndi nyama yootchaotcha, yothira kale mchere ndi tsabola, yongoyala m'mbali mwa msewu. Mbuzi kumeneko sizithawa, achimwene. Zimakhala zosenda kale, zolendewera pa chingwe, kudikira."

"Kudikira yani?"

"Wanjala."

Dovu la Fisi linagwa tho! pamutu pa Bilimankhwe.

"Si zokhazo. Nyumba zimaberekana pamsana. Misewu ina imangozungulira ngati galu wofuna pogona. Midzi yake ilibe ndi mayina omwe, amangoti Eriya yakuti, Eriya yakuti, manambala ake osatsatana, moti mlendo wopanda womutsogolera amasochera mpaka kulira. Pamwamba pali Kapito Hilo, pomwe dziko lonse amaliyendetsera. Ndipo mtsinje uno mukumwawu, ndi womwewo ukadutsa pakati pa mzinda. Madzi anafikako, inu ayi."

Fisi zinamupweteka zimenezo. "Tiye ukandisonyeze."

"Ndi miyendo yangayi? Mundibereke."

"Iwe! Ine kukwereka? Anthu amandinena kale kuti afiti amandikwera."

"Amenewo ndi afiti, achimwene. Ine ndine kondakitala."

Fisi anaganiza, n'kugwada. "Kwera. Koma ndikakapeza kulibe nyama, ndiyambira iweyo. Ndikakaipezanso, iwe ukhala chotsukira mkamwa."

Anatsata mtsinje. Tsimphu, tsimphu, tsimphu! Fisi maganizo ali pa mbuzi. Bilimankhwe atagwira ubweya wa pakhosi, maso ali pa njinga iliyonse ya nkhuni.

Analowa mumzinda kukuyera. Fungo la nyama linali litayamba kale kuyenda, ndipo Fisi anaima.

"Tsika," anatero. "Njira ndaiona. Ndikulawe kaye."

Pamenepo n'kuti ali pa mphambano, pansi pa loboti, chitsulo chachitali chija chokhala ndi nyali zitatu. Nyali yofiira inayaka. Chilole chachikulu chodzaza fodya chinaima, tswiii! Yobiriwira inayaka. Chilole chija vuuu, kupita.

Fisi kukamwa yasa. "Ndani ameneyu, woimitsa njovu zachitsulo ndi diso lokha?"

"Tsitsani mawu! Amenewo ndi malume anga. Simukuona kusintha mtundu? N'kwathu kumeneko." Bilimankhwe anafiira, n'kuchita chikasu, n'kubiriwira. "Mwaona? Magazi amodzi. Mzinda wonse uno ngwawo. Tsono inu mundidye pamaso pawo."

"Ayi, ayi, mphwanga, ndimangocheza."

"Ndikudziwa. Tsono kuno mwambo ndi womwe uja wa kwathu: mlendo sadya asanalonjeredwe. Ine ndikwere ndikawauze kuti mwabwera. Inu gwadani, muziwomba m'manja. Akatsegula diso limodzi, ndiye kuti akukuyezani. Akatsegula onse atatu nthawi imodzi, basi, akulandirani. Mbuzi zonse n'zanu."

Bilimankhwe anakwera chitsulo chija. Dzanja, phazi. Dzanja, phazi. Pamwamba panali nthambi ya jakaranda yotsamira, ndipo anawolokera pomwepo.

Pansi Fisi ali chigwadire. Phu, phu, phu!

"Zikomo, malume. Ndine Fisi wa ku Dzalanyama."

Lofiira.

"Pepani ngati ndalakwa, malume."

Lobiriwira.

"Eya, eya! Awiri enawo tsono."

Lachikasu. Lofiiranso.

Dzuwa linakwera. Mawondo anatupa. Kenaka, monga zimachitikira ku tauni, magetsi anazima. Maso onse atatu thii!

"Mayo ine! Malume atisiya!" analira Fisi. "Uuuwi! Uuuwi!" Anaima kaye, n'kufunsa chapansipansi, "Kodi pamaliro ano apha ng'ombe?"

Kulira kuja n'kumene kunamuulula. "Fisi! Fisi uyo!" Akabaza anaponya njinga pansi, amayi a tomato anatola miyala, ootcha kanyenya anabwera ndi zikuni zamoto. Fisi liwiro, mchira pakati pa miyendo, mpaka m'zitsamba za m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Fungo lokha ndilo anadya.

Koma Bilimankhwe sanaseke. Mzinda unali waukulu, iye wamng'ono. Anayenda mtengo ndi mtengo, akuitana, "Nachisale! Nachisale!" Mawu ake ankamezedwa ndi mahutala a minibasi. Diso limodzi analitumiza kumanja, lina kumanzere, kuti lililonse lifune palokha. Mumtima ankangoti: ngati wasanduka mtundu wa mzinda uno, ndimudutsa osamuona.

Inali nyengo ija jakaranda amachita maluwa, mitengo yonse pepo yekhayekha, msewu wonse pepo. Madzulo ena, pafupi ndi pogulitsira nkhuni, diso lake lakumanzere linaima. Pakati pa maluwa apepo panali kadontho kamodzi kofiira psuu, kufiira kwa masamba anthete a mombo.

Anayenda. Dzanja, phazi. Dzanja, phazi.

"Mwachedwa, bambo," anatero Nachisale.

"Ndinathamangatu. Nanga iwe kufiira chotere, akabawi onsewa osakuona?"

"Kufanana ndi malo n'kumene kunanditayitsa. Ndinati ndikhala mtundu wa kwathu, kaya andione kabawi, kaya mundione inu."

Awiriwo anangolumikiza michira.

M'mawa mwake anayamba ulendo wobwerera, wapansi, chifukwa basi yawo, Fisi uja, inali itakwiya. Mpaka lero sanafike. Mukadzaona bilimankhwe akuwoloka msewu, akuponda ngati akukayika, musamuponye mwala. Akupita kwawo. Diso limodzi lili ku Dzalanyama, linalo lili pa mkazi wake, kuopa njinga ina. Naye Fisi akadali ku Lilongwe konko. Anthu a kumeneko amamumva akulira, kufunsa ngati malume atsegula maso.

Tsono ku likulu pitani ndithu, ana inu, mukaone nyumba zoberekana ndi jakaranda wake. Koma wina akakakuuzani kuti mwini mzinda ndi malume ake, musagwade msanga. Ndipo inu amene muli nawobe wokhala naye pa nthambi imodzi, muziwothera dzuwa limodzi, pakuti si njinga zonse zimene munthu angazitsatire.

Nthano yanga yatsikira pompa. Kankhirani chikuni icho, moto ukuzima.