Gologolo ndi Mgolo wa Fisi

Chinalipo chaka china, mvula itathawa chimanga chili m'mawondo, nyama zonse za tsidya lino la mtsinje zinatsala ndi chuma chimodzi chokha: nkhukundembo. Wogula analinso mmodzi, Fisi, chifukwa ndiye anali ndi bwato lopita nalo tsidya lina, kudziko la anthu okhuta.

Fisiyu anali ndi kagulidwe kake. Padoko anaikapo mgolo wodzaza madzi. Mlimi akabwera ndi nkhukundembo yonona, yoti kuinyamula mpaka msana kulira, Fisi ankaigwira miyendo n'kuinyika mumgolomo, chubwi! Potuluka nthenga zonse zamatirira, khosi lili tololo ngati chingwe.

"Mwaionatu," ankatero Fisi. "Kunja amadya nyama, sadya nthenga. Iyi ndi ya kachikho kamodzi ka chimanga."

Alimi aja, mitu yawo ngati maungu, ankawomba m'manja. "Zikomo bwana, mwatithandiza."

Gologolo anali ndi nkhukundembo ziwiri, ana asanu, ndi nkhokwe yoti ngakhale khoswe ankaidutsa osacheuka. Tizikho tiwiri sitikanawafikitsa ndi Lamlungu lomwe. Ndiye anasinja nsatsi, n'kudzoza mbalame yoyamba mafuta kuyambira kumutu mpaka kuchipsepse.

Fisi ananyika, chubwi! Madzi anangotsetsereka, mbalame n'kutuluka ili fututu ngati sinalowemo. Ananyikanso. Chimodzimodzi.

"Iwe, mbalame yakoyi bwanji?"

"Ndi nyama yokhayokha, bwana. Madzi alowera pati?"

Pamaso pa gulu Fisi analipira zikho zitatu, mano ali gwa. Koma atanunkhiza m'manja mwake anamva nsatsi.

"Mawa ubwere ndi inayo," anatero. "Yako sindinyikanso. Ndidzaiyesa ndi dzanja."

M'mawa mwake kunabwera mkazi wa Gologolo, atasenza mbalame yachiwiri.

"Amuna ako ali kuti?"

"Agona, bwana. Mutu."

Fisi anainyamula, dzanja n'kugwa. Kulemera kwake! Sanadziwe kuti kunsi kwa phiko kwakakamira Gologolo, masaya atadzaza miyala. Analipira zikho zinayi akutukwana, n'kuponya mbalameyo m'dengu, dengu m'bwato, ulendo wa tsidya lina.

Zimene Gologolo anaona kumeneko, posuzumira pa kabowo ka dengu, zinamuumitsa pakamwa. Fisi anayanika nkhukundembo zonse padzuwa, kuzipesa nthenga ngati akwati. Kenako anaimba likhweru, zonse n'kuyankha, kulukulukulu, zikudzitukumula, michira ili tambasu. Panafika a Njovu, mwini sitolo wa kumeneko.

"Mtengo ndi womwe uja," anatero a Njovu. "Mbalame imodzi, thumba limodzi la chimanga."

Thumba, abale! Osati chikho. Thumba losoka kukamwa.

Gologolo analavula miyala ija n'kudumphira pamwamba pa dengu. "Moni agogo! Koma inu ndiye ofatsa. Mumagula osanyika?"

"Kunyika chiyani, mwana iwe?"

"Kwathu bwana Fisi sagula nkhukundembo youma. Amati nthenga zimanamiza. Si choncho, bwana?"

Fisi anaseka kuseka kwake kuja, koma kunatuluka kopyapyala. "Kamwana aka kamadwala mutu, musakamvere."

A Njovu anatambasula chitamba, kutola mbalame yaikulu kuposa zonse, n'kuiviika mumtsinje. Inatuluka ikunjenjemera, yoonda ngati khwangwala wa m'chilimwe.

"Ndiye zaka zonsezi wakhala ukundigulitsa mphepo?" anabangula a Njovu. "Kuyambira lero, mbalame imodzi, dzanja limodzi la gaga!"

"Ayi, akuluakulu!" anakuwa Fisi. "Madzi amanamiza maso! Mbalame iliyonse ikanyowa imaoneka yoonda, nyama ili momwemo!"

"Bwerezani pamenepo, bwana," anatero Gologolo. "Khutu langali lili ndi nthenga."

Fisi anamukokera kuseri kwa madengu, thukuta lili kamukamu. "Mphwanga, konza zimenezi. Ndikupatsa zikho khumi."

"Dzulo ndinali iwe, lero ndine mphwanu? Matumba awiri. Mbalame zanga zinali ziwiri."

"Ukufuna kundipha?"

"Agogo!" anakuwa Gologolo. "Munyikenso iyo ili apoyo!"

"Chabwino, chabwino, awiri! Tseka pakamwa!"

Gologolo anapita kwa a Njovu akupukuta m'manja. "Agogo, musavutike ndi maso. Nyamulani youma ndi chitamba, munyamulenso yonyowayo, mumve ngati zikusiyana."

A Njovu anayesa iyi, anayesa iyo, n'kugwedeza makutu. "Zoona, n'zofanana. Koma iwe Fisi, nkhope yako sindikuikonda." Analipira matumba aja, ndipo Gologolo anapempha kuti awiri ake awalembe chizindikiro ndi matope a Njovu akuona.

Pobwerera, bwato litangogunda doko la kwawo, Fisi anamudumphira n'kumugwira mchira. Anatsala ndi ubweya wodzaza dzanja, mwini wake ali kale pamwamba pa mkuyu.

"Anthuni!" anafuula Gologolo kwa alimi amene anali pamzere ndi mbalame zawo. "Tsidya lija nkhukundembo imodzi ndi thumba! Funsani matumba ali m'bwatomo, awiri amatopewo ndi anga. Bwana, akagwa m'madzi ndikauza agogo aja."

Nungu anayang'ana Mbira, Mbira anayang'ana pansi. Kenako Gwape, amene ankadzitcha wapampando wa alimi, anakonza kukhosi.

"Iwe Gologolo, ulibe mwambo. Bwana akakwiya, tidzagulitsa kwa yani?"

"Zoona, zoona," anavomera ena onse.

Fisi ataona zimenezi anapukuta thukuta, mtima n'kukhala pansi. "Poti ndine wachifundo," anatero, "kuyambira lero ndi kachikho kamodzi ndi theka."

Kunamveka nthungululu mpaka kuphiri. Ena anavina. Nungu anathandiza ndi kutunga madzi odzazira mgolo.

Gologolo anagubuduza matumba ake mothandizana ndi mkazi wake, ana ake anadya mpaka mvula ina. Masana ankakwera mumkuyu muja ndi chimanga chokazinga, kumatafuna akuonerera mzere uli pansipo, makoko n'kumalavulira pamitu pawo. Ndipo ndikuuzeni, panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana kumwamba. Ankangosasa m'mutu n'kusendera kutsogolo.