Chishalo cha Siliva cha Mayi Twila

Ukalowa pabalaza pa banja la a Hargrove, kunja kwa katauni kena ka kumadzulo kwa Texas, choyamba kukulonjera sichinali munthu ayi, chinali chishalo cha hatchi. Chinkakhala pa kathebulo kakekake pafupi ndi zenera, chikopa chake chozokotedwa maluwa, m'mbali monse muli timabatani ta siliva, ndipo cha kumene kumakhala mwendo wa wokwera kunali zilembo zikuluzikulu: TWILA HARGROVE, KATSWIRI, 1998. Loweruka lililonse Mayi Twila ankachipukuta ndi mafuta. Amuna awo, a Orval, ankati pa zaka makumi atatu za ukwati iwo sanasisitidwepo choncho ndi tsiku limodzi lomwe.

Chishalocho chinali mphoto ya mpikisano wothamangitsa hatchi mozungulira migolo itatu. Pa masewera amenewa anthu amasiyana ndi kuphethira kwa diso, ndipo ukagwetsa mgolo amakuonjezera masekondi asanu, ndiye kuti wangobwera kudzaonetsa chipewa. Nthawi imeneyo mayiwa ankakwera Rattler, hatchi yowonda, ya msana wosongoka ngati denga la tchalitchi. Rattler anafa kalekale. Tsopano m'khola munali Pancake, hatchi yaikazi yofiirira imene analera okha ndi botolo make atafa pobereka. Ankamukonda ngati mwana wobala okha. Koma Pancake anali chibuthu, msana wake wotakata woti nkuyalapo chakudya cha anthu anayi.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zinayi, Mayi Twila anaganiza zobwereranso m'bwalo. Tsiku lina m'mawa ananyamula chishalo chija pabalaza ulendo wa ku khola. A Orval anawatsatira, kapu ya khofi ili m'manja.

"Amayi, mwachiyesa pa msana pake chimenecho? M'tauni muli munthu amapinda waya pa msana pa hatchi, nkukuuzani chishalo choyenera."

"Chishalo choti chinapambana kale chiyesedwenso? Abambo, inu dziwani za ng'ombe zanu."

"Za ng'ombe ndikuzidziwa. Ndikudziwanso kuti buluku limene ndinavala pa ukwati wathu lija, lero silingadutse m'mawondo."

"Pamenepo vuto ndi mimba yanu, osati buluku."

"Ndi zomwe ndikunenazo. Pancake naye anatengera mimba yanga."

Mayi Twila anangotsonya, nkumanga lamba wa chishalocho.

Hatchi silankhula, koma Pancake anayesetsa. Akaona chishalo chikubwera ankagoneka makutu. Lamba akamangika ankatembenuka kufuna kuluma. Akamuvula atathamanga, msana wonse unkakhala chonyowa ndi thukuta kupatula timalo tiwiri touma gwa kuseri kwa mapewa, uku ndi uku. A Orval analoza timaloto ndi chala, nati pamenepo chishalo chikukanikiza mpaka thukuta kulephera kutuluka. Akazi awo anati ayi, ndiye kuti pamenepo mphepo ikudutsa bwino. Anasintha chitsulo cha m'kamwa. Anasintha chakudya. Anaitana wodziwa mano a hatchi, kenaka wosula nsapato zake zachitsulo. Anasintha chilichonse chimene chinkatha kusinthika, nkusiya chimodzi chokha chimene chinali ndi dzina lawo.

Linafika Loweruka la mpikisano, bwalo la boma lawo litadzaza. Dzuwa likamenya pa siliva uja maso ankachita kuthobwa, ndipo Mayi Twila anamva kukoma anthu akulozerana. Koma pa chipata Pancake anakana kulowa. Anabwerera chammbuyo, kuzungulira, kenaka nkuliyatsa liwiro ngati walumidwa ndi mavu. Mgolo woyamba anaugunda ndi phewa, khu! Wachiwiri anautenga ndi chiuno. Pa wachitatu anaweramitsa mutu, kuponya miyendo m'mwamba, Mayi Twila nkuuluka kukatera pa mchenga chokhala.

"Musade nkhawa abale," anatero woulutsa pa chimkuzamawu, "Mayi Twila afika bwinobwino. Hatchi ikubwera pambuyo."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Chiuno chinawawa ndithu, koma manyazi ndiwo anafika pa fupa, makamaka ataona Lurleen Gaddis atatsamira mpanda, dzanja lili pakamwa. Lurleen ameneyu anali mnzawo wa ku sukulu, ndipo ndi amene anakhala wachiwiri chaka chimene iwo anapata chishalo. Zaka zonsezi ankapatsana moni wa mano okha.

"Yapenga hatchi imeneyi," anatero Mayi Twila m'galimoto pobwerera. "Ndaidyetsa ndi manja angawa, lero indichititse manyazi pagulu? Ndikuigulitsa."

"Mtima pansi, amayi. Gonani kaye, mawa muyeseko chishalo china."

"Mukatchulanso chishalo changa mutsika muyende wapansi."

A Orval anayang'ana mtunda umene unatsala, nayamba kukamba za ng'ombe.

Lachitatu m'mawa Lurleen anatulukira ndi ngolo yonyamulira hatchi. Anamva kuti Pancake ali pa malonda. Anamuzungulira kawiri, kumusisita msana, nkuima nthawi yaitali dzanja lili kuseri kwa phewa.

"Achemwali, ndimuyese kaye ndisanagule?"

Apa Mayi Twila anadziona ochenjera. Anati mumtima, uyu akangokwera aponyedwa pansi ngati ine, malonda nkufera pomwepo.

"Palibe zoyesa. Mwamuona Loweruka ndi maso anu. Mukumufuna, gwirani dzanja, mumutenge mmene alilimu."

"Mwatsimikiza? Ndikufunsanso kachiwiri, a Orval ndi mboni."

"Kodi mwabwera kudzagula kapena kudzalalikira?"

Anagwirana chanza. Kumeneko manja akagwirana pa malonda a hatchi nkhani yatha; wobweza mawu sagulitsidwanso ngakhale nkhuku m'boma lonselo.

Lurleen anapita ku galimoto yake nkutsitsa zishalo zitatu zakale. Anaika choyamba pa msana wopanda chofunda, nkuchigwedeza, chinkapendama, anachichotsa. Chachiwiri analowetsa dzanja pansi pake cha ku mapewa, dzanja linakanirira, anachichotsanso. Chachitatu chinali chakuda ndi ukalamba, chachigamba, chopanda ndi kabatani kamodzi komwe, choti a Orval sakanachitola pa msewu. Dzanja linadutsa bwinobwino kuchokera ku phewa mpaka kumbuyo. Atamanga lamba, Pancake anausa moyo, kutsitsa mutu, nkuyamba kunyambita milomo.

"Popeza ndi wanga tsopano, mundibwereke migolo yanuyo pang'ono," anatero Lurleen.

Zimene zinachitika m'bwalo la kuseri kwa khola, Mayi Twila sadzaziiwala. Pancake anazungulira mgolo woyamba ngati madzi, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu anachita kuupsompsona osaukhudza, nkubwerera mchira uli m'mwamba. A Orval anayang'ana wotchi yawo, kuigwedeza, nkuyang'ananso.

"Masekondi khumi ndi asanu ndi awiri," anatero motsitsa mawu, ngati akulengeza maliro.

Lurleen anatsika. Sanaseke, ndipo kusasekako ndi kumene kunawawa kwambiri. Anapatula ubweya kuseri kwa phewa la Pancake, nkuonetsa titsitsi toyera timene tinayamba kumera pa timalo touma tija. Kenaka anatembenuza chishalo cha siliva chagada. Thabwa la mkati linali lopanikizana, lopangira msana wowonda wa Rattler, ndipo ubweya wa nkhosa wa pansi pake unali utaperepeseka nkusiya timibulu tolimba ngati miyala. Zaka zonse zija Mayi Twila ankapukuta pamwamba pokha.

"Bwerani achemwali, ikani dzanja apa." Anachiika pa msana pa Pancake, zala za Mayi Twila zili pansi pake. "A Orval, tatsamirani pang'ono."

"Mayo ine! Chotsani, chotsani!"

"Amenewo angotsamira ndi mkono umodzi. Nanga inu thupi lonse, pa liwiro, pokhota? Hatchi imeneyi sinapenge. Inakupirirani miyezi itatu. Ndikanakhala ine ndikanakuponyani sabata yoyamba."

Mayi Twila anayang'ana zala zawo zofiira, nayang'ana Pancake amene ankawafwenkha m'thumba kufuna karoti monga ankachitira ali mwana. Misozi inangoti mbwe. Mawu oti tibweze malonda anafika pa lilime, koma dzanja linali litagwira kale, ndipo anafunsidwa kawiri pamaso pa mboni.

"Muzibwera kudzamuona tsiku lililonse limene mwafuna," anatero Lurleen potseka chitseko cha ngolo. "Karoti muzibwera naye wanu."

Patatha mwezi umodzi Mayi Twila anakhala pa benchi ya oonerera, a Orval ali pambali. Pancake analowa pa chipata osanyinyirika, chishalo chachigamba chili pa msana, ndipo palibe anamupeza. Mayiwa anakuwa mpaka mawu kusasa, uku akupukuta m'maso. Mphoto itabwera, chinali chishalo chatsopano cha maluwa ndi siliva waliwali. Lurleen anachitembenuza chagada pomwepo pagulu, kuchipapasa mkati, nkukodola a Orval.

"Ichi ncha pabalaza," anatero. "Kwanu kuli kale kathebulo, muone ngati pangakwane ziwiri."

Masiku ano Loweruka Mayi Twila sapukutanso chishalo. Amanyamula thumba la karoti ulendo wa kwa Lurleen, kukacheza ndi hatchi imene analera okha, ngati mlendo. A Orval akamawaperekeza amadutsa pabalaza, kuyang'ana siliva uja akunyezimira pa zenera, nkupukusa mutu. Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.